Elube Tinamuika Popanda Nyimbo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngati kutsamira chipupa kwa kanthawi n'kugona. M'nyumba ya siwa munali amayi okhaokha, ena atakhala, ena atapinda miyendo pamphasa, ndipo pakati pathu panagona mng'ono wanga Elube atamufunditsa nsalu. Kunja kunkagwa chiperoni, kamvula kosamveka padenga koma kolowa m'mafupa. Ndinatchera khutu. Ndinamva nkhuni zikuthetheka pamoto wa abambo, wina akutsokomola, basi. Maliro a kwathu kuno ku Nkhulambe timachezera ndi nyimbo mpaka mbandakucha, makwaya akulandizana, mawu kuchita kusasa. A Elube tinachezera chete ngati tikudikira mbava.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa, ngakhale panalibe wochitchula. Elube anali wodulidwa mumpingo. Madzi atakokolola minda yathu chaka chija, n'kusiya miyala ndi mchenga pamene panali chimanga, mwamuna wake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Iye anatsala ndi ana atatu. Anapeza mgolo ndi paipi, n'kuyamba kutcheza kachasu kuseri kwa nyumba yake. Nyumba yakeyo ndi yathu n'zoyang'anizana, pakati pali mtengo wa mango wokha, ndipo amuna anga ndi mkulu wa mpingo wa dera lino. Fungo la kachasu silidziwa malire. Anapirira miyezi ingapo, anamulangiza, kenako nkhani anaitengera kubwalo la akulu a mpingo monga lamulo linenera. Amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma iwo mwala anaponya ndithu. Elube anavula yunifomu ya amayi, ndipo pamgonero sanakhalenso nafe.

Chimene sichinatchulidwe kubwaloko n'chakuti ufa umene tinadya m'nyumba mwathu nyengo ya njala ija unkachokera mumgolo womwewo. Elube ankabwera nawo m'kambale, n'kuika pakhomo la khitchini osanena kanthu. Amuna anga ankapempherera chakudyacho, tonse n'kuvomera ameni.

Ine ndine wapampando wa amayi a mpingo, ndiponso ndine woyambitsa nyimbo. Pamaliro a mkhristu aliyense m'mudzi muno, anthu amadikira pakamwa panga. Elube ali m'chipatala paboma, chifuwa chitamumaliza, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achemwali, zoti andikana ndikudziwa. Koma inuyo mudzandiimbire ija ya nkhosa yosochera, ngakhale ndime imodzi." Ndinavomera msanga, monga timavomerera odwala. Tsopano tsiku linali litafika, ndipo yunifomu yanga inali m'chikwama chimene ndinatsamira, nditaisita kale.

Kutayamba kuyera ndinatuluka kukaona kophikira. Amayi anali atayala mafuwa m'mbali mwa khola la mbuzi, nkhuni zonyowa zikufuka utsi wopweteka m'maso. Ena ankasenda nandolo wamuwisi, ena ankachokera kumjigo n'kumathira madzi m'migolo. Mgolo umodzi ndinauzindikira ndi kuda kwake kumunsi. Anali atautsuka bwino, ndipo tsiku limenelo unasunga madzi ophikira akhristu onse. Phiri silinkaoneka, nkhungu italiphimba mpaka m'tsinde. Adzukulu anali atapita kale kumanda ndi makasu awo.

Amuna anga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anavala jekete lawo lakale la kumunda, osati suti yakuda imene amavala akamayendetsa mwambo. Maso anali ofiira. Anandiuza kuti abusa atumiza mawu: akhristu abwere ngati anansi, aphike, alire, anyamule bokosi, pakuti maliro n'kulirana. Koma yunifomu ayi, nyimbo za mpingo ayi, ulaliki ayi.

"Ndipo inu amayi, mukangoyambitsa, ndiye kuti mpingo wayambitsa. Chotsatira mukuchidziwa."

Ndinkachidziwa. Ine kubwalo, iwo kuwavula ukulu, ndipo ukwati wa mwana wathu wamkazi, umene anali atayamba kale kuulengeza m'tchalitchi, ukanaima kaye mpaka nkhani itatha. Ndinawafunsa ngati si iwo amene anatilalikira kuti mpingo ndi thupi limodzi, kuti chala chikapweteka mutu sugona. Anayankha kuti malemba omwewo amati mpingo ndi mpesa, ndipo nthambi yosabala amaidula kuti zinzake zipeze mphamvu. Ndinati, nanga m'busa uja anasiya khola lonse n'kukafuna imodzi? Iwo anati nkhosayo inalola kunyamulidwa, pamene Elube akulu a mpingo anamuitana kuti asiye mgolo abwerere m'kalasi ya olapa, iye n'kuyankha kuti ana ake sadya kalasi. Takhala m'banja zaka zambiri, ndipo ndaona kuti malemba timawatenga ngati bulangeti limodzi pabedi: aliyense amakokera mbali imene akumva kuzizira. Ndinawasiya ataima pomwepo. Ndinalowa m'siwa, ndinatsegula chikwama, ndinagwira bulauzi yoyera ija, n'kutsekanso.

Dzuwa silinatuluke, koma anthu anabwera. Anabwera a ku Nazombe panjinga, matope atawathimbiriza kumsana. Anabwera abale a mayi athu a kutsidya ku Mozambiki, atayenda pansi ulendo wonse, n'kuyamba kulira m'Chilomwe akadali kumsewu, kulira kumene ife tinakulira kuno timangomvako theka. Anabwera aphunzitsi a ana a Elube atanyamula maambulera, akusankha pouma poponda. Amayi a mpingo anabwera onse, osasowa ndi mmodzi yemwe, koma m'zitenje zamitundumitundu ngati akupita kumsika. Ndinazolowera kuwaona pamaliro atayera mbee, atandanda mizere iwiri. Tsiku limenelo ankalowa mmodzimmodzi, kundigwira dzanja, maso ali pansi. Mmodzi wa iwo, amene anabatizidwa tsiku limodzi ndi Elube, anandinong'oneza kuti akangomva mawu anga iye alandira. Ine ndinagwira dzanja la wotsatira.

Panalinso gulu lina limene linakhala palokha pansi pa mango, amuna amene ankamwa kwa Elube. Sindinawakondepo anthu amenewo. Ankatisokosa, ankakodzera mpanda wanga, ndipo wina anagonapo m'dimba langa la mpiru mpaka dzuwa linamuwotcha. Koma ndiwo anagwetsa mtengo wa nkhuni, ndiwo anakhoma bokosi, ndipo ambiri mwa adzukulu anali anzawo. Ena ndinkawakumbukira ali anyamata a kwaya, asanadulidwe nawonso mmodzimmodzi.

Amayi achikulire atamusambitsa Elube, anandiitana kuti ndisankhe chomuveka. Ndinatsegula sutikesi yake. Pansi penipeni, kunsi kwa zovala za ana, panali yunifomu yake yochapidwa, yopindidwa bwino, duku loyera lili pamwamba. Mayi wa mpingo akamwalira timamuveka imeneyo, ndipo timamunyamula tokha kutuluka naye m'nyumba. Achikulirewo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana yunifomuyo. Ndinatenga diresi yake yobiriwira. Koma iwo atatembenuka kukatenga beseni, duku lija ndinalipinda kakang'ono n'kulilowetsa kunsi kwa mutu wake, posaoneka. Mayi wamkulu ngati ine, kuchita zobera pamaliro a mng'ono wanga. Ndinachita manyazi, ndipo mtima unandiwawa.

Masana anthu atadya, bokosi analitulutsa pabwalo. Anayankhula amalume monga mwini mbumba, n'kufotokoza za matenda ndi za ana otsala. Anayankhula woimira amfumu. Kenako woyendetsa mwambo, mwa chizolowezi cha pakamwa, anayamba kunena kuti tsopano tikupereka mwambo m'manja mwa a mpingo, ndipo anaima pakati pa mawu. Bwalo lonse linatembenukira kwa amuna anga. Iwo ankayang'ana nsapato zawo. Mbuzi inalira m'khola. Amalume anadzuka n'kunena kuti tiyeni tinyamule, mvula ingatipezere.

Sindinkadziwa kuti nyimbo ndiyo imayendetsa bokosi. Ikamaimbidwa, onyamula amaponda pang'onopang'ono, ndipo ndime ikatha ena amalowa kulandira anzawo. Popanda nyimbo anthu ankangofulumira. Tinadutsa m'minda ya nandolo ndi chinangwa, tinalambalala miyala ikuluikulu imene madzi aja anaisiya, ndipo chimene chinkamveka ndi mapazi m'matope ndi kulira kwa mwana wamng'ono wa Elube. Tinkayenda ngati tikukataya chinthu. Amuna anga anagwira ngodya ya kumutu. Anyamata anabwera kudzawalandira, iwo anapukusa mutu. Anabweranso ena, anakananso. Munthu wodandaula msana chaka chonse, ananyamula mlamu wake kuchokera pakhomo mpaka kumanda osasintha phewa.

Njira ya kumanda imadutsa pakhomo pa tchalitchi. Mkhristu timamulowetsa kaye m'menemo kuti atsazike. Tsiku limenelo chitseko chinali chotseka. Ndinakumbukira chaka chimene tinkaumba njerwa zake, Elube ali ndi pakati, akusenza madzi kuchokera kumtsinje mpaka khosi kuuma. Potsegulira tchalitchicho abusa anatiuza kuti nyumba yeniyeni ya Mulungu si njerwazi ayi, ndi ifeyo, miyala yamoyo, wina kutsamira pa mnzake. Tinaomba m'manja tsiku limenelo. Ndinayang'ana chipupa tikudutsa. Njerwa za Elube zinali momwemo, palibe anazigumulamo.

Kumanda nkhungu inali itatsikira m'mitengo. Adzukulu anakapa madzi amene anadikha pansi pa dzenje, kenako anatsitsa bokosi ndi zingwe. Ana anaponya dothi, ine ndinaponya langa. Apa ndi pamene ndimayambitsa nthawi zonse, makasu akangoyamba. Ndinamva amayi kumbuyo kwanga akusendera pafupi. Tsidya lina la dzenje kunaima mlembi wa mpingo pansi pa ambulera. Si munthu woipa, bambo ameneyo, koma maso ali nawo. Mwana wanga wamkazi, mkwatibwi wathu, anandigwira mkono. Mwina ankangonditonthoza. Mwina ankandigwira pakamwa. Mpaka lero sindinamufunse.

Ndiye mmodzi wa adzukulu, bambo wachikulire yemwe uja anagona mumpiru mwanga, anaimika khasu lake, anavula chipewa, n'kuyamba nyimbo ya nkhosa yosochera. Elube ankaiimba akamasonkhezera moto pansi pa mgolo, ndiye onse akumwa kwake ankaidziwa kamvekedwe. Mawu ake anali osweka. Anaimba mzere woyamba, n'kuima. Wachiwiri anali atauiwala. Anayang'ana ine. Anabwerezanso mzere womwewo, mokweza pang'ono, ngati munthu wogogoda pachitseko cha mnansi. Anzake anang'ung'udza naye, nawonso mawu analibe. Mzere wachiwiri unali pa lilime langa. Ndinakoka mpweya. Ndinatsegula pakamwa. Dzanja la mwana wanga linalimba pamkono panga, ndipo mpweya uja unatuluka wopanda kanthu.

Bamboyo anadikira pang'ono. Kenako anavala chipewa chake n'kutola khasu. Dothi lonyowa linagwa pabokosi, ndipo tonse tinalimva bwinobwino, popeza panalibe cholibisa. Nkhata za maluwa tinaika popanda woitana mayina. Pobwerera, mayi uja amene analonjeza kulandira anandidutsa osandiyang'ana.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Moto wophikira unatsala phulusa, migolo ataigoneka kuti idonthe. Abale a kutsidya anatsala m'siwa pamodzi ndi ana a malemu. Ine ndinawoloka bwalo, chikwama changa chili m'manja, kupita kunyumba kwathu kukatenga bulangeti. M'nyumba munali zii, nyale yosayatsa. Nditafika pabalaza ndinamva kanthu kuchipinda, ngati munthu akubuula. Ndinasendera. Chitseko chinali chotseka, zenera lotseka, ndipo amuna anga ankaimba.

Ndinakankha chitseko. Anali atakhala pamphepete pa bedi, buluku likadali ndi matope a kumanda, jekete atavula, phewa litasupuka pamene panakhala bokosi. Ankaimba motsitsa, mawu osadutsa chipupa. Anandiona koma sanaleke. Nyimbo ija ya nkhosa ankaidziwa yonse, mzere wachiwiri ndi yotsatira yomwe. Ndinakhala pambali pawo, ndinalandira, ndipo tinaimaliza mpaka pamene m'busa afika nayo kukhola itagona paphewa pake. Misozi imene sinatuluke kumanda inatulukira pamenepo.

Titamaliza iwo anapukuta kumaso ndi chikhatho, n'kunena osandiyang'ana:

"Izi zithere m'chipinda muno, amayi. A mpingo asamve."

Ndinafuna kuwafunsa kuti a mpingowo ndi ati, ngati si ife awiri amene tinali pamenepo. Ndinafuna kuwauza kuti amene anapempha nyimboyi ali kuseri kwa minda ya nandolo, ndipo kuchokera m'chipinda chotseka sangaimve. M'malo mwake ndinatulutsa yunifomu m'chikwama n'kuipachika pamsomali kuti isakwinyike, popeza Lamulungu ndinali ndi nyimbo zoyambitsa.