Chakudya cha nkhuku chimene a pa Nsaru sanafune

Chida chowerengera zimene anthu amafufuza pa intaneti sichisiyanitsa Nsaru ndi mzinda wa Lilongwe. Ndinadziwa zimenezi pa ntchito yanga yoyamba, chaka chathachi.

Ntchitoyo anandipezera ndi mnzanga wa m'kwaya ya kuparishi, kwa a Phiri, amene ali ndi kaofesi ku Namitete kotsatsa malonda a anthu pa intaneti. A Phiriwo anandipatsa laputopu n'kundionetsa kagwiridwe ka ntchitoyo. Umalemba mawu amene wogula angalembe pofufuza, monga "mbewu ya mtedza", umasankha dera, ndipo chidacho chimakuuza kuti mawuwo amafufuzidwa kangati pa mwezi. Mawu a chiwerengero chachikulu ndiwo timatsatsira malonda a kasitomala.

Mu Okutobala kunabwera Mayi Nabanda, mayi wamasiye wogulitsa zipangizo zaulimi pa Nsaru. Ankafuna kudziwa katundu woti apikule mvula isanagwe. Dera laling'ono kwambiri limene chidacho chinandilola kusankha linali Lilongwe yense. Mbewu ya mtedza ndi ya chimanga zinaonetsa pafupifupi ziro. Chakudya cha nkhuku zachizungu chinali pamwamba.

"Komatu kwathu nkhuku zimatola zokha," anatero mayiwo.

"Amayi, nambala sinama," anayankha a Phiri. "Ofuna alipo, wogulitsa ndiye palibe."

Mpamba wonse wa mayiwo unathera ku matumba a chakudya cha nkhuku.

Mvula yobzalira itagwa, ndinapita pa Nsaru tsiku la msika kukajambula zithunzi zotsatsira. Alimi ankalowa m'sitolo ya Mayi Nabanda ndi matope kumapazi, kufunsa mbewu, n'kutuluka kupita kusitolo ina. Bambo wina wa ku Kabudula anagogoda thumba la chakudya cha nkhuku ndi chala.

"Kodi mayi, izizi tibzale motalikana bwanji?"

Anzawo anaseka.

Ndinapempha kuona mafoni a alimi angapo. Ambiri anali a mabatani. Amene anali ndi mafoni amakono anagula bandulo ya macheza yokha, yosatsegula tsamba lofufuzira. Mlimi akafuna mbewu amafunsa mnzake wa kukalabu. Safufuza, choncho chida sichimuwerenga. Foni ya pasitolo inalira ndithu tsikulo, koma oimba anali oweta nkhuku a m'tauni. Akamva kuti katundu ali pa Nsaru, ankadula.

Denga linkadontha. Titasuntha matumba apansi tinapeza atayamba kale kuchita nkhungu.

"Mwanawe, uwauze a Phiri achotse nambala yanga pa intanetipo," anatero mayiwo. "Ndatopa kuyankha anthu a ku Area 25."

Ntchitoyi ndikugwirabe. Masiku ano ndikaona chiwerengero chachikulu ndimayamba ndafunsa kuti ofufuzawo ali kuti, ndipo ndikaona ziro ndimakwera kabaza kukafunsa pamsika. Izi sizinawathandize Mayi Nabanda. Chipinda cha sitolo chapatsidwa kwa wina wogulitsa kaunjika. Mwezi uno ukatha mayiwo achotsa mashelefu awo n'kubwerera kukalima kwawo ku Nambuma.