Manja Awiri a Bambo Mbewe

Ntchito ya zokuzira mawu ndinaipeza chifukwa cha msana, osati mutu. A Zimba a ku dera la Unit L, amene amabwereketsa masipika pa maukwati ndi pa maliro, ankafuna munthu wonyamula mabokosi. Patatha miyezi itatu anandikhazika pa mikisa, chipangizo chimene mawaya a maikolofoni onse amalowamo.

"Geni ndi chitseko," anatero akuloza kabatani kapamwamba. "Ukatsegula kwambiri, amalowa ndi fisi yemwe. Monita, kasipika kapansi aka, ndi ka woimba kuti azidzimva. Wazvinzwa?" Anandifunsa m'Chishona ngati ndamva.

Ndinavomera, koma mumtima ndinali katswiri kale.

Loweruka lina anandisiya ndekha ku dera la St Mary's, pa mwambo wovundukula chiliza cha mayi wina. Amuna a malemuwo, a Mbewe, nkhalamba yogontha khutu limodzi, anafuna kuimba nyimbo ya Chichewa imene ankaimba ndi akazi awo. Ana awo sanakondwe nazo. Ankati masiku ano bambo amasochera nyimbo, awachititsa manyazi.

Ndinawapatsa a Mbewe maikolofoni. Iwo, monga munthu woleredwa bwino, anailandira ndi manja awiri, naifumbata kumutu komwe, n'kuwerama mwaulemu mpaka inaloza pa monita. Maikolofoni yofumbatidwa chotero sichedwa kuliza mluzu.

"Sindikudzimva, mwanangu," anatero.

Ine mbuli, m'malo moyang'ana, ndinapotokola geni. Mluzu umene unatuluka! Makanda analira, anthu anatseka makutu.

"Vatorere mic, vaneta," anandinong'oneza m'Chishona mwana wawo wamkazi, kutanthauza kuti ndiwalande maikolofoni, atopa.

Zinandiwawa, chifukwa wolakwa ndinali ine. Komanso munthu wamkulu ungamuuze bwanji kuti agwire chinthu ndi dzanja limodzi? Ndinatsitsa geni, ndinachepetsa mawu osongoka pa ikwalaiza (mabatani osinthira kamvekedwe ka mawu), monita ndinaikweza pampando, mbali ya khutu lawo labwino. Kenako ndinagwada n'kupempha maikolofoni, ndinaiika pa sitandi, chitsulo chake choimikapo, ndipo ndinawapatsa buku lawo la nyimbo. Analilandira ndi manja awiri, ndithu.

Mzere woyamba unatuluka monjenjemera. Pa wachiwiri anaima, nayang'ana kasipika kaja.

"Kodi ndine ameneyu?" Funsolo linamveka mu tenti monse.

"Ndinu, bambo."

Zimene zinatsatira sindidzaziiwala. M'chifuwa chowonda chija munatuluka mawu aakulu, okhazikika, osaphonya paliponse. Timagetsi ta pa mikisa tinkangovina pobiriwira, ndipo manja anga ndinawaika kumbuyo, kuopa kuwononga. Azimayi achikulire anayamba kupolokeza mmodzimmodzi. Mwana wawo uja, amene Chichewa amangochimva n'kuyankha m'Chishona, ankatsatira nyimboyo ndi milomo, misozi ili chuchuchu.

Nthawi yonse ija a Mbewe sankasochera nyimbo. Ankangosowa kudzimva. Mpaka lero, woimba akandiuza kuti sakudzimva, sindithamangira batani. Ndimayamba ndayang'ana manja ake.