Anaviika Makava a Injini ya Atate mu Soda

Anthu a Petauke, kuseli kwa msika kuli wopenta wina amene wandiphela njinga yamoto ya atate. Dzina lake sinditchula. Pachikwangwani analemba yekha kuti ndi katswili wa penti, ndiye tiyeni tiziwatcha a Katswili.

Kwa amene simundidziwa, ndine mphunzitsi ku Nyimba. Atate anali alangizi a zaulimi, ndipo njinga imeneyi ndiyo inkawafikitsa ku Sandwe, kaya kuli mvula kaya kuli fumbi. Atapuma nchito inangokhala m'kanyumba ka makasu ku Nyampande. Chaka chatha atadwala anandiuza kuti, "Mwanawe, ndifuna ndidzaimvenso ikulila ndisanapite." Mau anali omwewo basi. Ndinaikweza pa lole n'kupita nayo kwa a Njobvu, makanika wa ku Nyimba. Miyezi khumi ndi umodzi tikusaka tizitsulo, kamodzikamodzi, mpaka injini inatheka. Chinatsala ndi kupenta makava ake, chifukwa aluminiyamu inali itayamba kutuluka zoyela ngati ufa. A Njobvu anati tikaisiya choncho idzadyeka.

Iwo sapenta. Ndiye anandilembela papepala: tsukani ndi sopo wamba, palani ndi dzanja ndi sandipepa yosalala, matani tepi pokhala gasiketi, yambani ndi andakoti ya aluminiyamu, kenako penti yopilila kutentha. Pansi analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti OSAIKA MU SODA. Penti ndinaitanitsa ndekha ku Lusaka, zitini zitatu zopopela.

Sukulu zitatseka, Lolemba 08:20, ndinafika kwa a Katswili ndi makava atatu: yapamwamba, yakumanzele, ndi yaikulu yakumanja imene imasunga oilo. Ndinawapatsa penti. Ndinawapatsa pepala. Ndinawawelengelanso ndi pakamwa panga, mzele ndi mzele, ngati ndili ndi ana a giledi 2. Anaseka. "Amai, izi ni nchito za amuna. Imwe nkhalani chabe ku choko. Mageti yonse ya mu boma muno napenta ndine." Pepala analipinda n'kuika m'thumba la ovololo osaliyang'ana. Anati ndibwele Lachisanu.

Ndikanatenga zinthu zanga pomwepo. Ndine chitsilu, ndikuvomela.

Lachisanu 10:00 ndafika, chitseko chotseka, foni yozima. Ndinadikila padzuwa mpaka 13:15 n'kukwela basi kubwelela ku Nyimba. Lachiwili ndaimba, akuti malaiti anapita. Malaiti ndi zitini zopopela zigwilizana pati? Chitini chimafuna soketi? Akuti bwelani Lachinayi, zonse zili mushe.

Mailo Lachinayi lija, 11:40, ndinafika. Anatuluka ndi thumba la feteleza n'kukhuthulila pansi, padothi. Makava awili.

Abale inu. Penti yakuda ya mageti, yopaka ndi bulashi, yochindikala, yomata zala mpaka tsopano. Ubweya wa bulashi uli momwemo. Pokhala gasiketi apakapo. Mabowo a mabauti atsekeka onse. Ndinakanda ndi chikhadabo, penti inasendeka ngati khungu la mbatata yophika, ndipo pansi pake chitsulo chonse zibowozibowo, chotuwa, chokhakhala. Zitini zanga zitatu zinali pashelefu, zosatsegula n'komwe, zitatuwa ndi fumbi.

Ndinafunsa chifukwa chake. Akuti penti ya m'zitini ni ya ana, yao ndiye ilimba. Ndinafunsa za zibowozo. Akuti chitsulo chinali chovunda kale, iwo angochionetsa poyela.

Ndiye ndinati, "Bambo, kava yachitatu ili kuti?"

Anayamba kupukuta manja ndi kansanza. Kupukuta, kupukuta. Manja ake anali ouma.

"Ija yenze yosila kudala, amai."

"Yosila bwanji? Ndinabwela nayo yathunthu."

Apa m'pamene zinatuluka, pang'onopang'ono. Kuseli kwa shopu ali ndi mgolo wa soda, ija yoopsa yopangila sopo. Mmenemo ndi mmene amaviika zitsulo za mawindo kuti penti yakale ichoke. Makava a atate anaponya momwemo. Awili anawavuula madzulo ake. Yaikulu inamila pansi, anaiiwala, n'kupita kumunda kukakolola nshawa masiku atatu. Pobwela anapeza mgolo ukuchita thovu, kava yapyapyala, pakati pabooka poti chibakela n'kulowa.

Munthu wodzitcha katswili sadziwa kuti soda imadya aluminiyamu? Amai alionse amene anapangako sopo amadziwa kuti sumayandikiza poto pa soda imeneyi. Ndipo ngakhale asadziwe, pepala lija? Ndinati alitulutse. Linali m'thumba momwe muja, lopinda chimodzimodzi, loda ndi gilizi.

Ndinati chabwino, ndipatseni yobookayo, mwina a Njobvu akaona chochita. Yankho lake ndi limene landiletsa kudya kuyambila mailo.

"Sininataye, amai, ine sinitaya vinthu. Ninapasa baja bopanga mapoto. Nabauza kuti mukabwela bakupaseni poto imodzi."

Ananena akumwetulila. Ankadikila kuti ndithokoze!

Ndinathamanga. Osungunula aluminiyamu ali chapafupi, kumene kumafuka utsi kuja. Ndinapeza bambo wachikulile akupala poto ndi fayilo. Ndinawalongosolela kava ija, kukula kwake, mabowo ake. Anaikumbuka bwinobwino. Anati inali aluminiyamu yabwino, yakale, yosafanana ndi za masiku ano, ndipo anaisungunula Lachitatu m'mawa. Anandilozela mapoto asanu ndi awili atandandalika padzuwa. "Ili umu, amai, koma siningadziwe kuti ni iti." Bambo ameneyu ndilibe naye mlandu. Anapepesa kuposa mwini kulakwa, mpaka anavula chisoti. Poto sindinatenge.

Ndinaimbila a Njobvu ndili pomwepo. Anati makava awili aja mwina angawapulumutse, koma yakumanja ya mtundu umenewu anasiya kupanga kalekale. Tinaisakapo ina ku Lusaka ndi ku Chipata pamene tinkayamba nchitoyi, poopa zotele, osaipeza. Popanda iyo oilo sakhala. Popanda oilo injini siilila.

A Katswili, ndikudziwa kuti ana anu ali pa tsamba lino ndipo akuwelengelani. Ndiyankheni. Pepala munalilandililanji ngati simunafune kuliwelenga? Mgolo utabwatamuka, nambala yanga ya foni munali nayo, bwanji simunaimbe? Ndani anakupatsani chilolezo chopeleka chinthu cha eni kuti akachisungunule? Musandiuze za kundipentela geti mwaulele, monga munanenela ndikuchoka. Geti ndilibe, ndipo nditakhala nayo simungaikhudze.

Inu nonse amene muli ndi njinga zakale, musanasiye chilichonse cha aluminiyamu kwa wopenta, zungulilani kuseli kwa shopu. Mukaona mgolo, nyamulani katundu wanu muzipita. Ndipo ngati wina ali ndi njinga yakale ya alangizi imene inafela kuseli kwa nyumba, ku Sandwe, ku Nyimba, kulikonse, chonde ndiuzeni. Ndifuna kava yakumanja yokha. Ndibwela ndekha kudzaimasula.

Atate aimba lelo 06:30. Mau ao achepa kwambili masiku ano. Afunsa ngati penti yauma, ati auza kale anzao a kuchalichi kuti Sondo abwele adzaimve njinga ikulila. Ine ndayankha kuti, "Ikali kuuma, atate." Zaka makumi anayi ndi zitatu sindinawanamizepo. Mwandinamizitsa ndinu, a Katswili.