Miyala Yakuda ya Mayi Vitória

Ku Domwe, munthu akafuna mphika wakuda bii, wonyezimira ngati nthenga za khwangwala, ankapita kwa a Vitória. Mayiwa sanapondeko ku shikola, koma nthaka ankaidziwa ngati nkhope za ana awo. Kunyezimira kwa miphikayo kunkachokera ku mwala wakuda wofewa umene ankakumba m'dzenje lina kuseri kwa phiri, lomwe anawasonyeza malemu amayi awo.

Dzenjelo ndilo linkadyetsa banja lonse, pakuti amuna awo, a Timóteo, khasu sankaligwiranso. Sipayi wina, wapolisi wa boma la Apwitikizi, dzina lake Victorino, anawaswa manja ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera m'zikhatho, chifukwa chochedwa ku chibalo cha msewu, zala n'kupindikiratu. A Vitória ankadana naye munthuyo, ndipo chidanicho ankadzuka nacho tsiku ndi tsiku.

M'chaka cha 1971 kunabwera enjenyero wachipwitikizi wofufuza miyala, ali ndi kanyundo ndi mapu, womasulira wake ali Victorino yemweyo. Pamsika mzunguyo anakanda mphika wa a Vitória ndi chikhadabo, n'kuyang'anitsitsa chala chake chitada.

"Akufunsa kumene mumautenga mwalawu," anatero Victorino. "Nenani msanga, mayi. Mukabisa tikapeza ndithu."

"Ndimangotola mumtsinje, bambo. Imabweretsa ndi mvula."

A Vitória ananama dala, chifukwa paliponse pamene azunguwa akhoma zikhomo zofiira, mwini malo sapondaponso. Choncho anayamba kuonetsetsa mmene enjenyeroyo ankagwirira ntchito. Ankatsata mtsinje chokwera, akutola tizidutswa, ndipo kumene tizidutswato tinkakulirakulira n'kumene ankati kuli mwala weniweniwo. Nzeru zake n'zomwezi? Izitu a Vitória anazidziwa asanathe n'komwe msinkhu!

Munda wa Victorino wa mbatata ya kachewere unali pamtunda, kamtsinje kali kumunsi kwake. A Vitória anakapempha ganyu yopalira kwa mkazi wake, atagwada bwinobwino. Masabata atatu ankapita ndi dengu, pamwamba kamba, pansi miyala yakuda ya kudzenje kuja. Tizidutswa tating'ono anamwaza mumtsinje, tokulirapo m'mphepete mwa munda, ndipo zazikulu ngati zibakera anazikwirira m'mizere ya kumtunda.

Enjenyero anatsata njirayo ngati nkhuku yotola chimanga. Victorino, poganiza kuti aikidwa kukhala kapitawo wa mgodi, anadziguguda pachifuwa kuti mwalawo ankaudziwa kuyambira kale. Zikhomo zinakhomedwa, waya anazungulira, ndipo amuna makumi awiri anakumba ngalande zakuya kudutsa munda wonse, mbatata ili pamaluwa. A Vitória ankadzera dala njira imeneyo popita kotunga madzi, ngakhale inali yozungulira, n'kumaima kaye kuonerera. Zinkawakomera kwambiri.

Itatha miyezi inayi, pansi panangopezeka katondo ndi thanthwe lolimba. Enjenyero anatembenuza chidutswa chimodzi, naona pamene khasu linachisema. Mzunguyo anati Victorino wadzala yekha miyalayo kuti anyenge boma. Yunifomu anamuvula tsiku lomwelo, galimoto ya enjenyero n'kulowera kwina, dzenje la kuseri kwa phiri lisanalembedwe pamapu alionse.

Mu Febuluwale, njala itafika pachimake, Victorino anatulukira pakhomo pa a Vitória chipewa chili m'manja, kudzapempha ganyu.

"Ndikudziwa kuti munachita ndinu, mayi," anatero chapansipansi.

"Kanenenitu kwa enjenyero. Chipwitikizi mumachidziwa ndinu."

Anamupatsa munsi kuti asinje dongo, ntchito imene mwamuna sagwira, pabwalo pomwe pankadutsa amayi onse a m'mudzimo. Anasinja mpaka dzuwa kupendeka, anthu akuseka poyera. A Vitória anamuthirira chimanga m'kambale, osadzaza, nasalaza ndi chala.

"Ana anga ndi asanu, mayi."

"Anga ndi asanu ndi mmodzi, ndipo mu zaka zonsezi simunandifunsepo. Mawa mulawire."