Mmene Ndinalerera Filipo

Mabuku aja ankanunkha polishi wa pansi ndi mankhwala a njenjete. Analipo asanu, a zikuto zobiriwira, ndipo mayi anabwera nawo m'jumbo Lachisanu lina kuchokera ku Kempton Park, kunyumba imene ankagwirako ntchito. Madamu awo ankakonza m'kabati n'kunena kuti akatayidwe. Koma mayi anga sanali munthu woona chinthu chikupita kubini iwo n'kukhala chete. Ankatola mabatani, mabotolo a jamu, ngakhale zingwe za nsapato, ndiye mabuku akanawasiya bwanji?

Inali nyengo yozizira ya ku Joni, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Etwatwa, m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni ake. M'mawa madzi ankachita kuundana pamwamba pa ndowa, madzulo utsi wa mbaula unkakuta misewu yonse mpaka maso kuwawa. Bambo ankalondera nyumba yosungiramo katundu ku Isando, ndipo Lamulungu sankapuma. Choncho tikaweruka kutchalitchi, ine ndi mayi tinkatulutsa makreti awiri n'kukatsamira khoma lofunda dzuwa. Mayi anali oyembekezera, mapazi atatupa ngati mabanzi. Ankawaviika m'beseni n'kunena kuti, "Tawerenga, mwana wa sukulu. Maso angawa atopa ndi nthunzi ya ayironi."

Ndinkawerenga Chingerezicho chamumtima, kenako n'kuchinena m'Chichewa, kudzimva uphunzitsi kwabasi. Ndinali nditagamula kalekale kuti mayi sadziwa Chingerezi, poti chimene ndinkawamva akuyankhula chinali "Yes, madam" wa pafoni basi. Nkhani yake inali ya Mayi Edna a kudziko la chipale ndi ana awo anayi: kuphika, kusoka zigamba, chikuku kulowa m'nyumba, kukangana ndi bambo wa pakhomo. Munalibe mfuti, munalibe mfiti, koma tinkaiwala kuyatsa mbaula. Mayi ankawadzudzula anthu a m'bukumo ngati anansi a pamzere pathu, makamaka bambo uja, ati ndi mlesi wotheratu.

M'buku lachiwiri Mayi Edna nawonso anaima. Mayi anaseka mpaka madzi a m'beseni kutayika, ati apeza mnzawo. Mwana anabadwa wamwamuna, dzina lake Filipo. Lamulungu lotsatira, maso anga, amene ankathamanga kutsogolo kusiya pakamwa m'mbuyo, anagwera pa mzere umene unandiumitsa thupi. Filipo anamwalira. Anangokhala masiku asanu ndi anayi, m'mawa wina n'kumupeza atazizira.

Mayo ine! Sindinkadziwa kuti buku lingachite zimenezo. Ndinkayesa kuti olemba amapha nkhalamba ndi akuba, osati khanda limene takhala tikulisokera zipewa mitu itatu yathunthu. Ndinaubwereza mzerewo katatu kuti mwina ndaphonya, koma ayi ndithu. Pomwepo ndinakumbukira Mayi Tembo, mnansi wathu wa ku Chipata, amene ankazimitsa wailesi ikayamba za maliro mayi ali pafupi. Ankati munthu wapakati sauzidwa zoopsa, mwana amamva n'kubwerera. Ndinayang'ana mimba ya mayi. Ndinakhulupirira kuti ndikangonena zolembedwazo, ndipha mwana wathu ndi pakamwa panga.

"Nanga wangoti kukamwa yasa bwanji?" anafunsa mayi.

"Akuti Filipo anadwala chifuwa," ndinatero, "koma anachira."

Ndinatsegula masamba asanu ndi limodzi nthawi imodzi, kudumpha maliro onse.

Ndinkayesa kuti bodza limodzi likwana. Ha! Lamulungu lililonse, ndisanapeze n'komwe pamene tinalekezera, mayi ankayamba ndi funso lomwelo: "Nanga Filipo wathu ali bwanji lero?" Basi mwana uja anasanduka wanga. Ndinamumeretsa mano, ndinamukwawitsa, m'buku lachitatu ndinamuyendetsa. Makhalidwe ake ndinkaba kwa ana a pamzere pathu, mwakuti anadyapo khala ngati kamwana ka Mayi Tembo. Buku likati anayala mbale zisanu ndi imodzi, ine ndinkaonjezera ina. Mayi Edna akanyamula maluwa kupita kumanda, ine ndinkati akukatenga Filipo kwa anzake. Tsiku lina ndinachita kumutuma ku spaza, kagolosale ka pamzere, kukagula machesi.

"Kuchipaleko kulinso spaza?" anatero mayi.

Ndinafa nalo thukuta m'chisanu chonse chija. Koma iwo anangoyang'ana kumwamba, kutsatira ndege imene inkatsikira kubwalo, n'kunena kuti ndipitirize.

Nyengo imeneyo ndinaonda. Kutchalitchi ndinkapempha chikhululukiro cha bodza limene ndinali ndisananene, la masana omwewo. Mayi akagwira pamimba n'kukwinya nkhope, ndinkadzifufuza ngati penapake ndataya liwu. Mphepo ya fumbi ya mu Ogasiti itayamba kugwedeza malata, tinamaliza buku lachisanu, Filipo atavala yunifolomu, akuyamba sukulu. Patangopita milungu iwiri mayi anachira, kunabadwa mlongo wanga Madalitso, wamoyo, wolira mosokosa mzere wonse. Ndinamunyamula ndi matama a munthu amene wapulumutsa mnzake, koma sindinauze aliyense. Mabuku analowa m'sutikesi, ndipo lachiwirilo ndinkaopa ngakhale kulikhudza.

Makolo anabwerera kwathu ku Ntcheu zaka zapitazo, ine n'kutsala ku Springs pantchito, sutikesi ija ili pansi pa bedi. Chaka chatha, nanenso ndili woyembekezera, ndinawatulutsa mabuku aja kuti ndiwawerengenso. Fungo lake linali lomwe lija. Nditafika pa masamba amene ndinadumpha, ndinaona kuti wina anawawerengapo kale. Mizere ina inali yodulidwa kunsi ndi pensulo, ndipo m'mphepete munali zilembo zopendekera zimene ndinkaziona m'buku la nyimbo la mayi: "Wanga analinso wamwamuna. Sanafike popatsidwa dzina. Anakamuika amayi okhaokha, ndipo anandiletsa kulira."

Ndinakhala pansi pasimenti. Zaka zonsezi ndinkadziwa kuti woyamba kubadwa ndine. Ndinaimba foni nthawi yomweyo, osayamba n'komwe ndi moni.

"Mayi, za Filipo zija munkadziwa?"

M'foni munkamveka nkhuku zikulira pakhomo.

"Iwe, ine ndinafika Fomu 2," anatero. "Mabuku onsewo ndinawawerenga kwa madamu pa nthawi ya nkhomaliro, iwe usanawaone n'komwe."

"Nanga osandiletsa bwanji? Ndinavutikatu ine!"

"Ndikuletse? Wa Edna anapita. Wanga anapita iwe usanabadwe, ndipo khanda lotero kwathu salira, salitchulanso. Wako yekhayo ndiye ankakula. Ndinkafuna ndione kuti akafika pati."

Ndili mwana ndinkayesa kuti ndikutchinjiriza amene anali m'mimba, ndiponso kuti mayi anga osadziwa Chingerezi ndawapusitsa nyengo yonse. Lero ndikudziwa kuti pakhoma paja, mapazi ali m'beseni, iwo ankamvetsera za mchimwene wanga amene sanaloledwe kumulira. Tinamulera awiri, ine ndi mayi, mpaka tinamuyambitsa sukulu.