Nanga bwanji sakuitembenuza?

Achimwene, lero foni yandionetsa kanema wa chionetsero cha makompyuta cha kunja, mtima wanga n'kuthamangira kwa inu. Chaka chino ndi chachiwiri chitisiyireni. Paja zionetsero zimenezi sizinkakuphonyani, koma anthu ake simunkawakhulupirira ngakhale pang'ono. Tsiku lija tinakwera pachulu kuseri kwa nyumba ku Zemba, pomwe pamagwira netiweki, kuti tione laputopu yongotuluka kumene. Woionetsayo ankaitamanda kuti ndi yopyapyala, anthu m'holo akuwomba m'manja. Inu munaimitsa kanemayo n'kunena kuti, "Nanga bwanji sakuitembenuza? Ng'ombe sagula poona nyanga, amayamba aona mano. Kunsiko kulibe masikuluwu, iwe. Batire ikafa, fumbi likalowa, sungaitsegule. Akufuna ukagule ina." Ine ndinangoseka, ndinkati ndi nsanje chabe.

Sabata yatha kunabwera bambo wina wa ku Chipata kudzanyengerera alamu, akazi anu, kuti asinthanitse laputopu yanu yolemera ija, momwe muli zithunzi za ana, ndi ina yopyapyala, yonyezimira. Alamu anatsala pang'ono kuvomera. Ine ndinaitenga yatsopanoyo n'kuitembenuza. Kunsi kunali see, kopanda sikuluwu ndi imodzi yomwe, ndipo bamboyo anayamba kuyang'ana kumbali. Yanu ija ikadali pathebulo, imalira ngati chigayo koma imayakabe. Gonani bwino kumeneko, achimwene. Kanema wa leroyu ndaonera mpaka kumapeto m'malo mwanu. Woonetsa wake nayenso laputopu sanaitembenuze.