Mayi Tepi ndi Mayunifolomu Abuluu

Tayerekezani m'mawa wamba, tsiku la ntchito. Ana asukulu akudutsa mumsewu, ena akupisira malaya akuyenda, ndipo mwini golosale akukweza chitseko chake chachitsulo. Pakhonde la golosaleyo pakhala mayi wina, tepi yoyezera ili m'khosi, mapazi akupalasa makina osokera. Ana amawatcha Mayi Tepi. Mayiwa sanayambire pakhonde ayi. Anali ndi shopu yawo ya lendi, yokhala ndi galasi lalitali ndi katani yoyesera zovala kuseri kwake. Mukawafunsa mmene anachokeramo, amayamba aluma ulusi mwaukali asanakuyankheni.

Kwa zaka zambiri iwo ndiwo ankasokera ana a pulaimale yapafupi mayunifolomu abuluu. Telala wa mayunifolomu sadikira kasitomala. Amasokeratu mulu sukulu isanatsegulidwe, masaizi onse, kuti kholo likabwera mochedwa lingoyerekeza pamsana pa mwana n'kulipira. Chaka china Mayi Tepi anati achite zazikulu. Anatenga ngongole ku kampani yobwereketsa ndalama, chikole chake makina awo, n'kugula mipukutu ya nsalu yabuluu. Akanasiyako ina yosadula, mwini sitolo ya nsalu akanawasinthira. Iwo anadula yonse nthawi imodzi, poti kudulira pamodzi kumapulumutsa nsalu. Anasoka mpaka mapazi kutupa.

Kenaka komiti ya sukulu inakhala pansi n'kusintha mtundu. Yunifolomu ikhala yobiriwira, yogula pasukulu pomwepo. Palibe amene anawauza. Anamva kwa mayi wina wodzasoketsa zipi, amene anayang'ana mulu uja n'kufunsa kuti, "Nanga zabuluuzi avala ndani?"

Anathamangira kusukulu tepi ili m'khosi. Wapampando wa komiti anawamvetsera akutokosa m'khutu ndi kiyi wa galimoto, kenaka anati, "Kodi mayi, tinakutumani ife?"

Palibe anawatuma, n'zoona, ndipo zimenezo n'zomwe zinawapsetsa mtima koposa.

Mwezi woyamba analipira ngongole pogulitsa firiji. Wachiwiri analephera. Foni ikalira ankangoivundikira ndi zidutswa za nsalu. Mapeto ake uthenga unafika wosazungulira: akapanda kuonekera, a kampani abwera kudzanyamula makina.

Woyamba kubwera ndi nzeru anali mng'ono wa malemu amuna awo, woyendetsa lole.

"Alamu, nkhaniyi ndi yosavuta. Ndibwera ndi lole, tikweza makinawo, mukabisale kwa azakhali. Nambala musinthe. Akabwera apeza loko."

"Ndiye mwana wanga mayeso akalembera mu lole yanuyo?"

"Mwanayo timusunga ife."

"Inu? Amene munabwereka njinga ya achimwene anu n'kubweza belu lokha?"

Alamu awowo anatuluka akung'ung'udza kuti anthu ena sathandizika.

Wachiwiri anabwera yekha osaitanidwa: wakatapila wa mumsewuwo, atavala shati imene Mayi Tepi anasoka okha.

"Mayi anga, ndamva zonse, mtima wandipweteka. Ine zosainasaina sindifuna. Ndikupatsani lero lomwe mukawatseke pakamwa. Mwezi ukatha mungowonjezera theka pamwamba."

"Theka. Pamwezi."

"Timathandizana, mayi."

"Mkazi wa kalipentala munamuthandiza, lero akugona m'nyumba yopanda malata. Tachokani pakhomopo, mukunditsekera kuwala."

Nzeru yachitatu ndiyo inawavuta kukana, chifukwa inachokera kwa mwana wawo wamkazi, mtsikana wa sekondale woganiza bwino. Anainena akutsuka mbale, osayang'ana mayi ake.

"Amayi, a kampani akawatenga akawagulitsa motchipa, ngongole n'kutsalabe. Bwanji tiwagulitse tokha pamtengo wabwino, tilipire, tipume?"

Mayi Tepi sanakalipe. Analingalira zimenezo tsiku lonse akusoka mpendero wa thalauza la munthu. Mwanayo sananame. Koma madzulo anamuyankha kuti, "Tikagulitsa, ngongole yatha, inde. Mawa lake fizi yako ndiisoka ndi chiyani, mano?"

Kutacha anamasula mutu wa makina patebulo lake, anaukulunga m'nsalu, n'kusenza. Anaima nawo pamzere mu ofesi ya kampani, thukuta lili kamukamu, anthu akuwapatuka. Itakwana nthawi yawo anautula pa desiki mwamphamvu, zolembera n'kugubuduka.

"Si awa makina mukuwafunawa. Tengani. Koma mundionetseretu amene aziwapalasa muno kuti akulipireni."

Kalaliki anali mtsikana wamng'ono, wooneka wotopa. Anatola zolembera zake bwinobwino.

"Khalani pansi, amayi. Ife makina tiwatani? Kuseriku kwadzaza kale mafiriji ndi mawailesi. Takhala tikukuimbirani."

"Kuti mundiopseze."

"Poyamba kunali kuti tikambirane. Mukanabwera mwezi umene munalephera uja, chindapusa cha kuchedwa sichikanakwera chonchi."

Mawu amenewo anawalasa. Anafuna wina womukalipira, koma m'chipindamo munalibe wapampando wa komiti, munali kamtsikana aka ndi iwo eni.

Anakambirana. Kampani ikanatha kutenga makina n'kuwagulitsa, zotsala n'kuwalondolabe. Kapena ikanatha kutalikitsa nthawi: ndalama ya pamwezi kutsika, koma chiwongola dzanja chonse pamodzi kukula, ndipo dzina lawo kulowa m'gulu la osayenera kubwerekedwanso msanga.

"Ndiye kuti ndilipira zambiri chifukwa ndine wosauka," anatero Mayi Tepi.

"Ndi momwemo, amayi. Sindikunamizani."

"Chindapusacho chotsani. Ndabwera ndekha, simunandigwire pamsewu."

Kalaliki analowa kwa bwana wake. Anabwerako atachotsa theka lokha. Mayi Tepi anauzidwa ndalama yatsopano ya pamwezi, anaiyerekeza ndi lendi ya shopu, ndipo anaona kuti ziwirizo sangazisenze pamodzi. Anasaina cholembera chikuboola pepala, anasenzanso makina awo, n'kupita kukabweza kiyi kwa mwini shopu.

Umu ndi mmene anafikira pakhonde la golosale. Galasi lalitali linagulitsidwa. Mayunifolomu aja anawasula limodzilimodzi, ena n'kukhala maepuloni, ena matumba a mathalauza, onse pamtengo wa chisoni. Ntchito yawo inasanduka mazipi, zigamba ndi mipendero, padzuwa ndi pafumbi, nyengo ya mvula makina atafundidwa pulasitiki. Alamu akadutsa pa lole amaliza hutala n'kufuula kuti, "Abwana a pakhonde!" Iwo sadzutsa mutu. Tsiku lolipira ankapita okha ku ofesi, ndipo mwezi umene zavuta ankafika tsikulo lisanakwane, nkhope ili gwa, kukanena okha.

Mkwiyo sunawathere. Mwana wa yunifolomu yobiriwira akang'amba thumba amamusokera, n'kumukonzera kolala, koma wapampando wa komiti atabwera ndi jekete lake anamuuza kuti ulusi wa mtundu umenewo alibe.

Ngongole ija anaimaliza yonse, ndi chiwongola dzanja chake, poisokera pa makina omwewo amene anali chikole.